Mpando wa Kutsogolo

Mtsikana wina ankasoka mipando ya galimoto m'shedi ya malume ake, kuseri kwa magalaja, kumene fungo la guluu limakutsatira mpaka kunyumba. Tsiku lina kunalowa mnyamata wamtali atasenza mpando wong'ambika, zidutswa za siponji zikuyoyoka m'mbuyo mwake.

"Odi kuno! Dokotala wa mipando ndi ndani?"

"Wodwalayo mwamutola kudzala?" anafunsa mtsikanayo, mapini ali mkamwa.

Mnyamatayo anaseka mpaka kugwira khoma. Anali dalaivala wonyamula alendo okaona malo, ndipo anali atangogula kagalimoto kakekake, kokalamba, koti azikakonza pang'onopang'ono. Tsiku lomwelo anamupatsa dzina.

"Ndiwe Kasingano. Mawu ako amabaya, koma amasoka mtima."

Mipando inkabwera umodziumodzi. Malume akatuluka kokagula nsalu, dalaivalayo ankakhala pa chitini cha guluu, n'kutenga choko chodulira, n'kumajambula msewu patebulo.

"Kagalimoto aka kakatha, ulendo woyamba ndi wa iwe ndi ine. Apa msewu umakwera mokhotakhota ngati ulusi wako ukapiringizana. Makutu amatseka, umachita kumeza malovu. Kenako phiri limangotha mwadzidzidzi, pamwamba pake n'pathyathyathya, udzu wokhawokha mpaka pomwe maso alekezera. Mitambo imakhala pansi pako."

"Mitambo pansi? Bodza lanu, a Dalaivala!"

"Ukadzaiona udzandipepesa. Ndipo pomwepo ndidzakufunsa funso limodzi."

"Funsani pompano."

"Pano pakununkha guluu."

Kasingano anali asanapiteko kutali kuposa pa depoti ya mabasi. Mipando yomwe ankasoka inali itazungulira dziko, iye ali pa makina omwewo, kuyang'ana khoma lomwelo. Ndiye mtima ukanakana bwanji?

Anagwirizana zonse. Iye adzatenga bulangete ndi fulasiki ya tiyi, mwamunayo tayala lapadera ndi chigubu cha madzi a injini. Adzaima pa mlatho wachitsulo, adzaimanso pomwe pali mathithi. Za malume, dalaivalayo anati adikire. "Tikabwerako ndidzabwera mwaulemu, nditavala jekete."

Akapita ndi alendo ankatha masabata. Foni ikalira, Kasingano ankasiya makina pakati pa msoko.

"Ndili pamwamba, kukuzizira. Alendo akujambula mitambo, ine ndikuona nkhope yako."

"Mwavala juzi? Ndakusowani."

"Pirira, Kasingano kanga. Mpando wa pambali panga ndi wako mpaka imfa."

Mpando umenewo Kasingano anausiya kumapeto. Anasankha nsalu yofewa, m'mphepete anasoka pamanja. Nthawi yopuma ankakhalapo, n'kutseka maso, n'kumameza malovu ngati makutu atseka kale.

Koma malume anali ndi lamulo lawo: mpando wa kutsogolo sutuluka m'shedi wokhalapo asanauyese. "Misana simafanana," ankatero. Atayesa kuimbira dalaivalayo osamupeza, poti anali kumapiri, anakafunsa makaniko wa galaja yoyandikana, yemwe ankakonza injini ya kagalimoto kaja, kuti angadzauyese ndani. Makanikoyo anangoti, "Musavutike, ndikawauza akunyumba kwake."

Masana a tsiku lotsatira munalowa mayi wamfupi, wansangala, dzanja limodzi lili pamsana, mimba ili patsogolo.

"Odi! Akuti mukufuna msana wanga? Ndine mkazi wa dalaivala uja."

Lumo linagwa m'manja mwa Kasingano.

"Iwe, manja a batala!" anatero malume. "Khalani apa, mayi. Mwana wa mlongo wangayu ndiye wausoka, wataya nawo nthawi ngati akusokera bwana wa dziko."

Mayiyo anakhala, n'kupuma mokhutira. "Ayi, achemwali, muli ndi manja! Koma onjezeraniko siponji pang'ono apa m'chiuno, masiku ano msana ukundivuta. Mukwezenso pansipa, ine ndine wamfupi, ndingadzaphonye mitambo."

"Mitambo?" Mawu a Kasingano anatuluka ngati a munthu wina.

"Eee! Bambo akunyumba akuti tipite kumapiri mwana asanabadwe. Chikwatiranireni akhala akundilonjeza. Akuti kuli mlatho wachitsulo, kuli mathithi, ndiye mitambo imakhala pansi pako. Ine ndimawauza kuti bodza!"

Mayiyo anaseka. Malume anaseka. Kasingano anagwada ndi tepi, n'kuyeza kuyambira m'chiuno mpaka paphewa la mkazi wa munthu amene ankamukonda. Manambala a patepi ankasambira m'misozi.

Amuuze? Anene kuti bulangete analigula kale, lili m'chikwama pansi pa bedi? Anayang'ana mimba ija, anayang'ana mapazi otupa m'masilipasi. Mayiyu analakwa chiyani?

"Guluuyu akukulizani, achemwali?"

"Eya. Amalowa m'maso."

"Pepani. Tikakafika ndidzakutumizirani chithunzi."

"Musavutike, mayi."

Mayiyo atachoka, Kasingano anamasula msoko wake wa pamanja uja, ulusi umodziumodzi. Anaika siponji m'chiuno, anakweza pansi. Atamaliza anayesa kukhalapo. Mawondo anakwera, msana unakana. Mpandowo sunalinso kumudziwa.

Dzuwa likupendeka, foni inalira. Unali uthenga wa dalaivala uja.

"Ndatsika phiri, duwa langa! Ndakusowa koopsa. Mpando wathu watha?"

Anawerenga uthengawo kawiri. Mtima wopusawo unadumphabe, monga unkachitira masiku onse. Analemba zambiri, n'kufufuta. Analembanso, n'kufufutanso. Pomaliza anatumiza mawu ochepa.

"Watha. Akazi anu auyesa, wawakwana bwino. Muziyendetsa pang'onopang'ono m'makhotamo, msana ukuwavuta."

Foni inayamba kulira, kulira, kulira. Kasingano anaitembenuza chafufumimba patebulo.

"Suyankha?" anafunsa malume.

"Ndi kasitomala, malume. Ntchito yake yatha."