Mervis ndi Nyumba ya Makatani

Mervis anali mtsikana wa ku Bangwe. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakonda kuyang'ana mitambo.

M'mawa uliwonse mtambo unkakhala pamwamba pa phiri. Unkangokhala phee. Dzuwa likakwera, mtambo unkachoka osatsanzika.

"Ndikufuna kugwira mtambo," anatero Mervis. "Kamodzi kokha."

"Mtambo sugwirika," anatero Thom.

Thom anali mlongo wake wa Mervis. Anali ndi zaka zinayi. Thom ankati amadziwa zonse.

Loweruka lililonse Mervis ankapita kumsika ndi Azakhali Evelina. Azakhali ankagulitsa makatani a kaunjika. Makataniwo anachokera m'mawindo akutali kwambiri. Ena anali ndi maluwa. Ena anali ndi mbalame. Ena anali ndi timaboti.

Katani iliyonse inali ndi mphete kumtunda. Mervis ankalowetsa chingwe m'mphetemo. Mphete, mphete, mphete. Kenako Azakhali ankamanga chingwe m'mwamba. Makatani ankayamba kuvina.

Tsiku lina madzulo kunabwera Amalume Gregorio. Amalume ankayendetsa minibasi. Ananyamula chikwama chachikulu.

"Ndabwereka tenti!" anatero. "Mawa tikupita kuphiri la Zomba. Tonse! Tikagona konko."

"Amalume, kumeneko kuli mitambo?" anafunsa Mervis.

"Mitambo? Kumeneko ndiye kwawo. Imagona komweko."

Amalume anaika chikwama kuseri kwa chitseko. Kumeneko kunali kale chikwama cha Azakhali. Zonse zinali zazikulu. Zonse zinali za mizere yofiira ndi yabuluu.

Kutacha, Adadi anaima pakhomo ndi pepala. Adadi sankakonda kuiwala kanthu. Ankalemba chilichonse.

"Mabulangete?"

"Alowa!"

"Mphasa?"

"Zalowa!"

"Ketulo?"

"Yalowa!"

"Chikwama cha mizere?"

"Chalowa!"

Adadi anachonga papepala. Amalume anamanga katundu ndi chingwe chachitali. Amayi analowa. Azakhali analowa ndi khanda lawo, Kondie. Mervis anakhala pawindo. Minibasi inanyamuka.

Anadutsa mu Limbe. Nyumba zinayamba kuchepa. Mitengo inayamba kuchuluka.

"Tafika?" anafunsa Thom.

"Ayi, pano ndi pa Njuli," anatero Amayi.

Pa Namadzi anagula chimanga chootcha. Kondie anagona. Azakhali anayamba kuimba motsitsa mawu.

"Tafika?" anafunsa Thom.

"Iwe suja umadziwa zonse?" anatero Amalume. Onse anaseka.

Mervis anasuzumira pawindo. Ankayang'ana kumwamba. Kamtambo kamodzi kankawatsatira. Minibasi ikakhota, nako kankakhota. Minibasi ikaima, nako kankaima.

Kenako msewu unayamba kukwera. Unakhota uku. Unakhota uko. Tauni ya Zomba inatsala pansi. Nyumba zinasanduka timabokosi ta machesi. Mphepo inayamba kuzizira.

Anafika pamalo ogona alendo a matenti. Panali udzu wofewa. Panali mitengo yaitali ya paini. Pamwamba pa mitengoyo panali mtambo waukulu woyera.

"Uwo!" anatero Mervis. "Wayandikira!"

"Umatsika m'mawa," anatero Amalume. "Wogona pano ndi amene amauona."

Amalume anamasula chingwe. Anatsitsa chikwama cha mizere. Anatsegula zipi. Anapisa dzanja.

Anatulutsa katani ya maluwa.

Anapisanso dzanja. Anatulutsa katani ya mbalame.

Anapisanso. Katani ya timaboti.

"Mayo ine!" anafuula Azakhali. "Makatani anga!"

Amalume anayang'ana Adadi. "Alamu, tenti ili kuti?"

Adadi anayang'ana pepala lawo. "Pano palembedwa kuti chikwama cha mizere."

"Bambo a Mervis," anatero Amayi, "zikwama za mizere zinalipo ziwiri."

Adadi anakanda m'mutu. Tenti inali ku Bangwe. Inali kuseri kwa chitseko, yokhayokha.

"Tigone mu minibasi," anatero Thom.

"Sitingakwanemo," anatero Amalume. "Muli mipando yokhayokha."

"Panja sitingagone," anatero Amayi. "Kukuzizira. Tili ndi khanda."

Adadi anapinda pepala lawo. "Basi," anatero. "Tibwerere kunyumba kusanade."

Mervis anakhala pansi. Anayang'ana mtambo. Mtambo unali pomwepo. Unali pafupi, koma dzanja silikanafika.

Amayi anayamba kupinda mphasa. Amalume anatola chingwe.

Mervis anayang'ana chingwe. Anayang'ana makatani. Anayang'ana mitengo iwiri ya paini. Mtengo uwu apa. Mtengo uwo apo.

Chingwe. Mphete. Mitengo iwiri.

Mervis anadzuka.

"Azakhali," anatero, "tibwerekeni makatani. Timange nyumba."

"Ayi, mwana wa achimwene," anatero Azakhali. "Amenewa ndi malonda anga. Akada, agule ndani?"

"Ndikachapa ndine. Onse."

"Inenso!" anatero Thom.

"Iwe?" anatero Azakhali. "Yamba wapukuta mphuno yakoyo."

Mervis anagwira katani ya mbalame. "Azakhali, taonani. Mbalamezi zimangokhala m'chikwama. Zikatuluka, zimangoona msika. Nazonso zikufuna kuona phiri."

Azakhali anayang'ana mbalame zija. Anayang'ana Mervis. Anayesa kukwiya, koma zinakanika.

"Mwana uyu!" anatero. "Chabwino. Koma asang'ambike."

"Amalume, bweretsani chingwe," anatero Mervis.

Amalume anamanga chingwe pamtengo woyamba. Mervis anagwira kumapeto kwake. Mphete, mphete, mphete. Makatani anayi analowa.

Chingwe chinazungulira mtengo wachiwiri. Chinabwerako. Mphete, mphete, mphete. Makatani ena anayi analowa. Amalume anakoka. Anamanga zolimba.

"Awa tiwakokere kumanja," anatero Mervis. "Awo tiwakokere kumanzere."

Amayi anakokera kumanja. Azakhali anakokera kumanzere. Thom anatola miyala. Anatsindira m'munsi mwa makatani. Mwala, mwala, mwala.

Kunatsala makatani awiri. Yokhuthala inatseka kumbuyo. Yoyera, yamabowomabowo, inakhala chitseko.

Adadi anazungulira nyumbayo. Anawerenga ndi chala.

"Makatani khumi," anatero. "Windo palibe ngakhale limodzi. Nyumba yotereyi sindinaionepo."

"Tigona, Adadi?" anafunsa Mervis.

Adadi anasuzumira mkati. Munali mofunda. Mphepo siinkalowa.

"Tigona," anatero.

Dzuwa linapendeka. Amayi anawiritsa tiyi. Anadya mbatata. Anavala majuzi. Kenako analowa m'nyumba ya makatani, mmodzimmodzi.

Anayala mphasa. Anafunda mabulangete. Anathithikana ngati anapiye. Mapazi a Amalume anatulukira kunja pang'ono.

Mervis anagona chagada. Kuwala kwa madzulo kunkadutsa m'makatani. Nkhope ya Amayi inali yachikasu. Nkhope ya Adadi inali ndi maluwa.

Kamphepo kanawomba. Maluwa anagwedeza mitu. Timaboti tinayamba kuyenda. Mbalame zinatambasula mapiko.

Mervis anaphethira. Anaphethiranso. Mbalame imodzi inatsika. Inamunyamula pamsana. Inauluka naye pamwamba pa mitengo. Pansi panali Bangwe, wamng'ono ngati batani. Patsogolo panali mtambo. Mervis anatambasula dzanja. Pang'ono. Pang'ono pokha...

Kanthu kozizira kanamukhudza patsaya.

Mervis anatsegula maso. Kunali kutacha. Onse anali m'tulo.

Anayang'ana kuchitseko. Mitengo kunalibe. Minibasi kunalibe. Phiri kunalibe. Kunja konse kunali mbee!

Kanthu koyera kankalowa m'timabowo ta katani. Kankalowa mwakachetechete. Kankalowa ngati mlendo wamanyazi. Kanadutsa pa mapazi a Amalume. Kanakhala pa bulangete la Amayi.

Mervis sanapume mokweza. Anatambasula dzanja.

Mtambo unali wozizira. Unali wofewa kuposa thonje. Unadutsa pakati pa zala zake. Unasiya timadontho m'manja mwake.

"Takulandirani," ananong'oneza Mervis.

Kenako anagwedeza Thom. "Thom, dzuka! Ndagwira mtambo. Taona!"

Thom anadzuka. Anayang'ana dzanja la Mervis. Anatambasula lake. Anatulutsanso lilime, nalawa.

"Ndimadziwa kale," anatero.

Kondie anadzuka. M'tsitsi mwake munali timadontho tonyezimira. Anaseka, nayesa kugwira mtambo ndi manja onse awiri.

Amayi anadzuka. Amalume analowetsa mapazi awo msanga. Azakhali anakhudza katani ya mbalame. Inali yonyowa pang'ono.

"Ingakhale mtambo wayamba kale kuchapa," anatero Azakhali. "Koma iwe Mervis, ntchito yako ikadalipo."

"Ndikachapa, Azakhali," anatero Mervis. "Onse khumi."

Adadi anakhala tsonga. Ndevu zawo zinali ndi timadontho. Anapisa m'thumba. Anatulutsa pepala lija ndi cholembera. Analemba mawu amodzi m'munsi mwake.

Anakonza pakhosi.

"Mtambo?" anafunsa.

Onse anayankha pamodzi.

"Walowa!"

Adadi anachonga.