Kawiri ndi Thanki Yachibwibwi

Kawiri anali mtsikana wa sukulu. Dzinali anamupatsa ndi anzake. Kawiri anali ndi chibwibwi. Akafuna kunena "madzi", ankati "ma-madzi". Ankanena kawiri. Anzakewo ankaseka.

Kawiri ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna kulankhula m'kalasi osasekedwa.

Tsiku lina aphunzitsi anagawa mawu a Chingerezi. Mwana aliyense analandira liwu lake. Wina analandira lalifupi. Winanso lalifupi. Kawiri analandira lalitali. Liwulo linali "reverberate".

"Mawa udzaime kutsogolo," anatero aphunzitsi. "Udzalitchule. Udzatiuze tanthauzo lake. Udzatiuzenso kumene linachokera."

Mtima wa Kawiri unagunda. Thu! Thu! Thu!

Aphunzitsi anamubwereka dikishonale. Kawiri anaitsegula panjira. Anawerenga pang'onopang'ono. Liwulo linachokera ku Chilatini, chilankhulo chakale. "Re" ndiye kubweza. "Verberare" ndiye kumenya.

Kumenya! Kubweza! Kawiri anatseka bukulo msanga. Anaganiza kuti ndi liwu la ndewu.

Anathamangira kuntchito kwa agogo ake aamuna. Agogowo ankawotcherera zitsulo. M'shedi mwawo munali migolo yobooka. Munalinso thanki yaikulu yopanda madzi. Thankiyo inagona cham'mbali.

Agogo anavula magalasi akuda.

"Bwanji mkazi wanga? Nkhope ngati wameza msomali."

"A-agogo, andipatsa liwu lovuta."

"Ine sukulu ndinailekeza panjira. Werenga ndiwe."

"Re-re-reverberate."

"Livabaleti? Ndi mankhwala a m'mimba?"

Kawiri sanaseke.

"Buku likuti ndi ku-kumenya. Likutinso kubweza."

"Ndinadziwa ine!" anatero agogo. "Ifenso Chingerezi tinkachiphunzira ndi ndodo. Ana onse aja, liwu lalitali nkupatsa iwe? Anthu a mabuku amenewa!"

"Ndiye mawa ndi-ndisapite?"

Agogo anakanda ndevu zawo.

"Wawerenga mpaka pansi?"

"Ayi. Ndinaopa."

"Theka la nkhani ndi bodza. Yonse yomwe ine ndimaikayikira. Koma tsegula timve."

Kawiri anatsegulanso. Anatsata mizere ndi chala. Sinali nkhani ya ndewu. Inali nkhani ya phokoso. Phokoso limamenya khoma. Khomalo limalibweza. Ndiye limamveka mobwerezabwereza.

"Basi? Zomwezo?" anatero agogo. "Ndiye mpaka liwu lalitali ngati njanji? Bwera kuno."

Agogo anatenga nyundo. Anamenya thanki ija.

Ngoo! Ngo! Ngo! Ngo!

"Ndamenya kangati?"

"Kamodzi."

"Wamva kangati?"

"Ka-kambiri."

"Lowetsa mutu pakhomo pake. Undiitane."

Kawiri anasuzumira. M'katimo munali mdima. Munkanunkha dzimbiri. Anachita mantha. Agogo anamugwira phewa.

"Agogo!" anaitana Kawiri.

"Go! Go! Go!" inayankha thanki.

Kawiri anatulutsa mutu. Maso ali tong'o.

"Agogo! Thankiyi ili ndi chibwibwi!"

"Eya. Ndagwira nayo ntchito masiku atatu. Sindinamvepo wina akuiseka."

Kawiri analowetsanso mutu. Anatchula liwu lake lija. Thanki inalibweza. Analitchulanso. Inalibwezanso. Koma mantha a mawa sanathe.

Kunacha. Kawiri sanamalize kudya.

M'kalasi, ana ena anatchula mawu awo. Anakhala pansi. Kenako aphunzitsi anaitana Kawiri.

Kawiri anaima kutsogolo. Maso onse anali pa iye.

"Re-re-reverberate," anatero.

Ana anaseka. Wina kumbuyo anati, "Wayamba uja!"

Kawiri anafuna kuthawa. Anayang'ana chitseko. Chinali kutali. Anatembenukiranso kwa anzake.

"Mwa-mwamva?" anatero. "Lamveka katatu. Tanthauzo lake ndi lomwelo."

Kuseka kunachepa.

"Phokoso limamenya khoma. Khoma limalibweza. Limamveka ka-kambiri. Liwuli ndi la Chilatini. Kumenya ndi kubweza. Koma si ndewu ayi."

Aphunzitsi anaika choko pansi.

"Ndinakupatsa lalitali dala," anatero. "Ndinadziwa kuti suthawa. Ana inu, tchulani nonse."

Ana anayesa. Wina anakodwa pakati. Wakumbuyo uja analuma lilime. Kawiri anawatsogolera katatu. Kenako onse anakhoza.

Belu linalira. Kawiri anatuluka. Pageti panaima agogo. Anali ndi ovololo yawo yamabowo. Anali asanabwerepo pasukulupo.

"Agogo! Mukutani kuno?"

"Ndimangodutsa."

"Kuntchito kwanu si uku."

"Njira ndi ya aliyense. Zayenda bwanji?"

"A-anaseka. Kenako anasiya. Aphunzitsi anati nditsogolere onse."

Agogo anayang'ana kalasi ija nthawi yaitali.

"Mphunzitsi ameneyo mwina ndi munthu," anatero. "Mwina."

Kawiri anagwira dzanja lawo lokhakhala. Anayenda limodzi kupita kwawo. Kawiri analankhula njira yonse. Agogo sanamudule mawu ngakhale kamodzi.