Nkhutukumve Sanakweze Dzanja

Belu lopumulira linali lisanalire pamene aphunzitsi aakulu anasuzumira m'kalasi yachisanu ndi chitatu n'kuitana Kapitawo. Dzinali anam'patsa ndi amayi ake, poti kunyumba ndiye ankagawa ntchito: wosesa ndani, wotsuka mbale ndani. Atangoona nkhope ya aphunzitsiwo anadziwiratu kuti nkhani ndi ya mng'ono wake.

"Walakwanso chiyani?" anafunsa akuyenda pakhonde.

"Tiye ukaone wekha. Amayi ako tawaimbira foni, koma sangachoke kuntchito. Akuti uwaimirire ndiwe."

Mng'ono wakeyo anali ndi zaka khumi, ndipo ankabwereza kalasi yachitatu. Ukamuitana sankayankha. Ukamutuma mchere ankabwera ndi machesi. Kapitawo atatopa naye anamutcha Nkhutukumve, ndipo dzinalo linayenda mpaka kusukulu, moti ngakhale aphunzitsi ankamutchula choncho.

Analowa m'chipinda chosungiramo mabuku. Mawindo onse anali otseka. Patebulo panali kamakina ka mabatani, ndipo kuseri kwake kunakhala mayi wa magalasi, namwino wa gulu lofufuza za kakulidwe ka ana. Nkhutukumve anakhala pampando atafulatira makinawo, atavala mahedifoni. Pakona panaima aphunzitsi ake, bambo wamtali, atapinda manja.

"Ndamuuza kuti akamva kulira m'khutu akweze dzanja," anatero namwino uja. "Wamvetsa bwino. Ndikufuna uone. Tiyamba ndi khutu lakumanzere."

Anadina batani. Dzanja la mwanayo linali pamwendo. Anakweza mawu n'kudinanso. Dzanjalo silinasunthe. Kachitatu kulirako kunakula mpaka Kapitawo, amene anaima pakhomo, anakumva kukutuluka m'mahedifoni, kuli piii. Mng'ono wake ankangoyang'ana mabuku pashelefu, akugwedeza miyendo, akudikirabe kuti ayambe.

"Akuchita dala," anatero Kapitawo, koma mawu ake anatuluka ozizira.

Namwinoyo anasinthira kukhutu lakumanja. Koyamba zii, kachiwiri zii. Atakweza mawu kwambiri, dzanja linakwera msangamsanga, ndipo mwanayo anacheuka akumwetulira ngati wakhoza samu yovuta.

Kapitawo anatembenukira kwa namwino.

"Lakumanzere silikumva chilichonse. Lakumanja likumva pang'ono," anatero namwino. "Kodi ali wamng'ono makutu ankatuluka mafinya?"

Kapitawo anakumbukira pilo wa madontho achikasu amene iye mwini ankachapa akunyansidwa. Mafinya atasiya, aliyense pakhomo anati wachira. Anagwedeza mutu kuvomera.

Aphunzitsi aatali aja anakhala pansi pa katoni ya mabuku. "Ndinamuika kumbuyo kwenikweni," anatero. "Pafupi ndi windo la kumsewu. Ndimati ndi mwano. Dzulo lomweli wagwada panja ola lathunthu chifukwa sanandiyankhe."

"Si inu nokha, aphunzitsi," anatero namwino. "Tayenda m'sukulu zambiri kwa zaka zitatu. Ana otere timawapeza pamzere wakumbuyo, aliyense ali ndi dzina lake: waulesi, wamwano, mbuli. Titapereka zimene tinapeza kwa oyang'anira maphunziro, anagamula kuti mwana aliyense wobwereza kalasi aziyamba wayezedwa makutu ndi maso. N'chifukwa chake tabwera."

Kenako anamuvula mwanayo mahedifoni, nakhala moyang'anizana naye, n'kumufunsa mosathamanga kuti amatsatira bwanji zophunzira.

"Ndimayang'ana pakamwa," anayankha. "Koma aphunzitsi akatembenukira kubolodi mawu amatha." Anayang'ana nkhope za anthu onse m'chipindamo, nadabwa. "Si mmene aliyense amamvera?"

Aphunzitsi aakulu anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi.

Namwino analemba kalata yoti apite nayo kuchipatala, komwe akaone ngati kachipangizo kothandiza kumva kangamuthandize. Anafotokozanso zoti ziyambe tsiku lomwelo: azikhala kutsogolo, khutu lakumanja litaloza kwa aphunzitsi, ndipo wolankhula naye azimuyang'ana kumaso. "Kukuwa sikuthandiza," anatero, maso ali pa Kapitawo. "Pakamwa pa munthu wokuwa sipawerengeka."

Ataweruka, awiriwo anauyamba wa kunyumba. Mng'onoyo anatsogola, chikwama chikulendewera paphewa limodzi. Kapitawo anamuitana ndi dzina lake lenileni, limene anatha chaka osalitchula. Mwanayo sanacheuke. Pa nthawi yomweyo lole inatulukira kumbuyo, mbali yakumanzere, ikuliza hutala. Anthu a m'mbali mwa msewu anadumphira kumbali, koma iye ankangoyenda m'mphepete mwa phula, akukankha kamwala ndi phazi. Kapitawo anathamanga n'kumukoka pamkono, lole n'kudutsa ndi mphepo yake. Msewu umenewu ndi umene iye ankamutuma kuwoloka yekha tsiku lililonse kupita kugolosale.

Sanamusiye mkono. Anazungulira n'kuima kutsogolo kwake, nawerama mpaka nkhope zawo zinayang'anizana.

"Ukundiona pakamwa?"

"Eya."

"Pepa. Ndinalakwa. Sindinkadziwa."

Mwanayo anayang'anitsitsa milomo ya mkulu wake, ngati akukayika kuti wawerenga bwino.

"Bwerezaninso, achemwali."

Kapitawo anabwereza, liwu lililonse palokha, misozi ikulengeza.

"Ine ndimaganiza kuti mumadana nane," anatero mng'ono wake motsitsa. "Chifukwa nthawi zonse ndikamatembenuka ndimakupezani mutakwiya kale."

Kapitawo anamulanda chikwama n'kuchikoleka paphewa lake, nadutsa kupita mbali ya kumsewu, kuti magalimoto azidutsa pafupi ndi iye. Anayenda choncho mpaka kukafika pakhomo, pomwe anakhala pakhonde kudikira amayi awo, kalata ili m'manja, akusinkhasinkha kuti ayambira pati.