Mphete ya pa Waya wa Malemu

Tsiku limenelo magetsi anathima tisanadye. Ndinasambitsa mwana, ndinamugoneka, n'kukakhala pang'ono m'kachipinda kamene bambo ake ankakonzeramo mawailesi ndi matchaja. Chiwaikireni m'manda, madzulo anga ankathera mmenemo.

Masana ake kunabwera alamu anga, akulu awo a malemu. Anati mawa abwera ndi galimoto kudzatenga tebulo ndi zida zonse, poti mkazi wovutika ndi kulemba dzina lake lomwe zitsulo azitani nazo. Ndinawauza kuti zidazo n'za mwana, adzazipeza akakula. Anaseka, n'kuloza kabokosi ka pakhoma, ati kameneko ndiye kayambirire kutuluka.

Kabokosiko bambo a mwana anakapanga okha. Pa waya wopita patebulo anavekapo thiransifoma yaing'ono yooneka ngati mphete. Magetsi akamadutsa m'wayamo, mpheteyo imamva, n'kutulutsa kamphamvu kochepa pa timawaya tiwiri. Kachipu kena, iwo ankati opu-ampu, kamakuza kamphamvuko, kena n'kukasandutsa manambala pa kagalasi. Zonsezo zimayendera batire. Ine sukulu inandidutsa, koma maso ndili nawo. Patebulo pakakhala popanda choyaka, nambala imangoti phee. Akayatsa chowotcherera mawaya ndi mtovu, imayamba kudumpha. Lamulo lawo linali limodzi: magetsi akuyenda, osazula timawaya ta mphete m'kabokosi. Ati ikasiyidwa kukamwa yasa, imaluma.

Ndinakagona. Chinandidzutsa ndi fungo. Fungo lija la mtovu wosungunuka, limene silinkachoka m'malaya awo ngakhale uchape bwanji.

Kunja kunali bii, mzere wonse wa nyumba. Ndinadina swichi ya kuchipinda. Palibe. Ndinanyang'ama mpaka pa kachipinda kaja, n'kukankha chitseko.

Kagalasi kanali kakuwala. Nambala ikudumpha. Inkakwera, n'kutsika pang'ono, n'kukweranso, monga zinkachitira iwo akakhala pantchito. Chowotcherera chinali pamalo pake, pulagi ili lende. Ndinachikhudza ndi kuseri kwa chala. Chozizira. Mpando unalira pang'onopang'ono, ngati munthu akukhazikika bwino.

Mantha anandigwira, sindikana. Koma mkwiyo unawaposa.

"Ngati ndinu, bambo a mwana, mwachedwa. Masana akulu anu akundinyoza munali kuti? Gwirani ntchito yanuyo, koma mwana musandidzutsire."

Ndinakoka chitseko, n'kukagona nditafungatira mwana wanga. Patapita nthawi ndinamva zenera la kachipindako likutseguka. Wina anatera pansi ndi nsapato zolemera. Ameneyo sanali wakufa ayi, ankapumira m'mwamba. Anapapasa patebulo, anagwetsa kachitini ka misomali. Kenako ndinamva thaa, ndi kamawu ngati ka mwana wagalu. Kenako zii.

Sindinadzuke. Ndinati wa pampando ndi wa pazenera adziwane okha, ndi pachibale.

Kutacha ndinatsegula kachipinda kaja. Alamu anali chiimire patebulo, thumba lili pamapazi. Timawaya ta mphete anali atatizula, kena dzanja ili, kena dzanja linalo. Maso ali tong'o, milomo itauma. Zala zinakana kutambasuka.

"Mlamu, ndichotseni," anatero monong'ona. "Wandigwira m'mikono usiku wonse."

"Galimoto ija mwaimika kuti, alamu?"

Sindinawakhudze. Ndinatsegula chitseko cha kumsewu kuti wodutsa aliyense aone, n'kukaitana mkulu wokonza mafiriji wa pakona. Anabwera, n'kuyeza waya uja ndi mita yake. Unali wakufa. Magetsi anali asanayake chithimireni dzulo. Anayang'ana ine, anayang'ana alamu. Kenako anatenga kachidutswa ka waya n'kulumikiza timawaya tiwiri tija. Pompo manja a alamu anagwa ngati nsanza. Anadutsa pakati pa anthu atazolika, thumba lomwe analisiya.

Wa mafiriji anauza anthu kuti mphete singalume pa waya wopanda magetsi, ndipo kuyambira tsikulo akafika pakhomo panga amawolokera tsidya lina la msewu. Amayi a pampopi amanong'ona kuti ndinatchera ndi mankhwala. Ena amati mwini wake sanatseke shopu. Ine sinditsutsa aliyense, ndimangotunga madzi anga.

Abale a malemu anatuma munthu kuti tikhale pansi tikambirane za zidazo. Ndinamuuza kuti akawauze: tebulo lili pomwe lija, wolifuna adzanyamule yekha, ndipo zenera ndinasiya kutseka.