Fungo la Petulo M'galimoto ya Maness

Maness ananyamuka ku Lisungwi mochedwa, dzuwa litalowa kale. Kaunjika anayenda malonda tsiku limenelo, ndipo iye sanali munthu wolongedza katundu makasitomala akadasankha. Anaponya zotsala m'buti, n'kugoneka mwana wake Takondwa, wa zaka zinayi, pampando wakumbuyo. Ulendo wokwera ku Neno boma unayambika.

Galimotoyo inali yakalekale. Anaigula miyezi itatu yapitayo kwa mayi wina wamasiye, a Felista, itakhala zaka zisanu pansi pa mtengo wa mango, nkhuku zikuikiramo mazira. Makaniki anangoika batire ndi matayala, basi inalira. Vuto linali limodzi lokha: fungo la petulo.

Maness sankafuna zouzidwa. Anthu akadandaula za fungolo ankawayankha kuti masiku ano mafuta ndi osowa, aliyense amayenda ndi chigubu m'buti, nanga ankafuna galimoto izinunkhira sopo? Koma zoona zake, chigubucho anali atachitsitsa sabata yatha, fungo osachoka. Chivundikiro cha tanki anachimanga mpaka dzanja kuwawa. Pomwe galimoto inkagona panalibe ngakhale dontho limodzi.

Atayamba kukwera mapiri, fungo linakula. Takondwa anadzuka akulira kuti mutu ukumupweteka, kenako anasanza. Apa makani onse a Maness anatha, anachita mantha. Anaima pambali pa msewu, pafupi ndi mitengo yowirira ya kumanda, injini osazimitsa poopa kuti siliranso. Anakoka chotsegulira boneti. Boneti inakana.

"Menyani kumanzere. Kawiri."

Maness anatembenuka. Kumbuyo kwake kunaima bambo wamtali wovala ovolosi, manja ali m'matumba. Mapazi ake sanawamve. Maness anamenya kawiri, boneti n'kutseguka.

Bamboyo sanapereke moni. Anangoyamba mafunso ngati dokotala: kodi fungo limabwera galimoto ikangokhala kapena ikamayenda? Limachokera kumbuyo kapena m'timabowo ta mpweya takutsogolo? Mafuta akutha msanga? Maness anayankha kuti limabwera ikamayenda, makamaka pachitunda, limatulukira kutsogolo, ndipo mafuta ndiye ikumwa ngati madzi.

"Ndiye si chigubu, si tanki. Yambani mwatulutsa mwana."

Mawuwa anawanena motsitsa, koma Maness, yemwe amakangana ngakhale ndi apolisi a pamsewu, anamvera. Anabereka Takondwa kumbuyo, n'kuyatsa tochi ya foni. Bamboyo analoza ndi chibwano pansi, kumbali kwa injini.

Paipi yakuda yobweretsa petulo inali yong'ambika. Wina anaikulunga ndi chingwe cha mphira chodula ku chubu cha njinga, ndipo chingwecho chinali chitafumbwa. Petulo ankadonthera pa chitsulo chotentha cha ekizozi. Tsiii... tsiii... n'kuuma pomwepo. N'chifukwa chake pansi sipankanyowa.

Maness anathamangira kukazimitsa injini. Miyezi itatu yathunthu ankayendetsa mwana wake pamwamba pa moto.

"Musailizenso," anatero bamboyo, mutu atazolika. "Ndinamanga ndine. Ndimati ndisintha Lolemba. Pepani."

Mantha a Maness anasanduka mkwiyo. Anaganiza kuti ndi mmodzi wa amakaniki a zachidule aja, ndipo anayamba kumukalipira kuti akanapha mwana wosalakwa. Anakweza tochi kuti amuone nkhope bwinobwino.

Kuwala kunadutsa.

Kunakagwa pa tsinde la mtengo kumbuyo kwake. Bamboyo anali pomwepo, chiimire. Chithunzithunzi panalibe...

"Amayi," anatero Takondwa ali kumsana, "mukukalipira ndani?"

Maness sanakuwe. Anasiya boneti yotsegula, katundu m'buti. Anayamba kuyenda. Sanacheuke. Manda kumanja. Mitengo zii. Anamva mpweya wa mwana pakhosi pake, n'kulimbitsa chitenje.

Atatsika kachigwa anazindikira malowo. Unali mudzi uja anagulako galimoto. Anapeza a Felista pakhonde akutong'ola chimanga, kanyali kali pambali. Anawafotokozera zonse mosadumpha: za boneti, za mafunso, za chingwe cha mphira. A Felista ankangomvetsera, manja akugwirabe ntchito. Koma atamva mawu akuti Lolemba, chitsononkho chinawagwa m'manja.

Anadzuka n'kulowa m'nyumba. Maness anamva akukoka sutikesi pansi pa bedi. Anatuluka ndi kajumbo kafumbi n'kumuikira pamiyendo. M'katimo munali paipi yakuda yatsopano, ndi tizitsulo tiwiri tomangira.

"Amuna anga, a Gilbert, anagula Loweruka," anatero a Felista, misozi ikutsika. "Lamlungu anagwa tikuchokera kutchalitchi, osadzukanso. Patha zaka zisanu tiwaikire pamanda mwadutsapo. Ine sindinkadziwa kuti n'chachiyani, ndinangosunga pamodzi ndi zovala zawo."

Anayang'ana Takondwa, yemwe anali atagonanso, n'kumusisita mutu.

"Mugone konkuno, mayi. Mawa ndi Lolemba, tikaitane makaniki."