Kapu Yoboola ya a Kefasi

Nkhani iyi ili ndi mboni ziwiri, ndipo onse ali moyo. Woyamba ndi Ngoni, amene amaperekeza alendo okaona nyama pamalo ena kumpoto kwa Mutare. Tsikulo ndiye ankayendetsa galimoto m'mawa ndi boti madzulo. Wachiwiri ndi Evah wa ku Tsvingwe, mlongo wake wa Crispin, mwini nkhani. Awiriwa si abale, si anansi, koma zonena zawo sizisemphana. Pamene maso awo sanafike, Crispin mwini wake ndiye anawauza.

Crispin anabadwira pakomboni ya famu ya fodya. Bambo ake, a Kefasi Phiri, anachoka ku Dedza ali mnyamata, ndipo anakalambira pamoto wa mabalani, kuwotcha fodya wa mzungu. Anamwalira mu Julayi 2001, famuyo ili kale m'chipwirikiti cha kulanda malo. Anawaika mofulumira m'kamsitu ka manda a antchito, tsidya la damu. Pamtumbira, monga umanenera mwambo, anaikapo kapu yawo yachitsulo, yoyera, ya mlomo wabuluu, imene ankaigogoda ndi supuni akafuna tiyi. Amene anaiboola pansi ndi msomali, kuti wamoyo asadzamwerenso, anali Crispin. Misozi isanaume, antchito onse anauzidwa kuti asamuke. Kumeta sikunachitike. Mowa wa chikumbutso sunafulidwe. Chiliza sichinamangidwe.

M'tauni zinthu zinamuyendera. Anapeza ntchito pakampani ya matabwa, kenako nyumba ku Fairbridge Park, ndipo anakwatira Dadirai, mkazi wa Chishona. Kuchikamwini anamufunsa za kumudzi kwawo. Iye ankadziwa mmene anthu amasekera ana a m'makomboni, kuti alibe mudzi, akafa amakwiriridwa m'munda wa eni. Choncho anayankha kuti bambo ake anawanyamula kupita nawo ku Dedza, ndipo akugona pakati pa abale, pansi pa mwala wolembedwa bwino. Bodzalo linamera mizu. M'nyumba mwake Chichewa sichinkamveka, ndipo mwana wawo Tadiwa, wa zaka zisanu ndi zinayi, sankadziwa ngakhale kunena zikomo m'chinenero cha agogo ake.

Ulendo wokaona nyama anaukonza ndi Taurai, mchimwene wake wa Dadirai, munthu wa nthabwala zosatha. Unali wa Loweruka lina mu Okutobala 2022: galimoto m'mawa, boti madzulo, kugona komweko, kubwerera Lamlungu. Dzina la malowo linali lachizungu, latsopano, ndipo Crispin sanaliganizire kawiri. Anadzidzimuka atafika pageti. Inali famu ija imene anabadwirapo. Mitengo ya jakaranda ija inali pomwepo m'mizere iwiri. Balani limene bambo ake ankagonera pakhomo pake, kulondera moto, tsopano linali ndi mawindo agalasi, ndipo alendo ankamweramo mowa. Dadirai anamufunsa chimene chamusowetsa mtendere. Iye anati ndi kutentha.

Anakwera galimoto yopanda zitseko, ya mipando yam'mwamba. Ngoni ankayendetsa pang'onopang'ono, akulozera mbidzi pansi pa mitengo, nswala, njiri zothamanga michira ili njo, ndi nyamalikiti ziwiri zimene eni malo anagula kutali. Tadiwa ankawerenga chilichonse mokweza. Crispin ankangoona zina. Pamene panaima mbidzi panali nyumba yawo. Pamene panagona njati panali mpopi wa komboni.

Dzuwa litakwera anaima kuti amwe tiyi, pafupi ndi kamsitu kowirira kamene kanali kobiriwira pakati pa tchire louma. Ngoni anafotokoza, monga amachitira kwa alendo onse, kuti amenewo ndi manda a antchito akale ochokera ku Malawi, kuti nyama sizilowamo, ndipo moto wolusa umangowalambalala. Anapempha kuti asalozeko ndi chala.

Taurai anaseka, n'kutembenukira kwa Crispin, amene ankamutcha tsano, kutanthauza mlamu m'Chishona. "Tsano, si abale anu awa? Pitani mukapereke moni."

"Athu ali ku Dedza," anatero Crispin. "Awa sindiwadziwa."

Ngoni akuti mawuwo anatuluka mosalala, opanda chibwibwi.

Akuluakulu ali pa tiyi, Tadiwa anathamangira nkhanga zimene zinadutsa m'mphepete mwa kamsituko. Sanachedwe. Anabwera atanyamula kanthu, akusangalala kuti wapeza mobzalamo duwa, poti chibowo chotulukira madzi chilipo kale.

Crispin anaizindikira isanafike pafupi. Mlomo wabuluu. Chogwirira chopindika. Chibowo chosakhala pakati penipeni, chifukwa tsiku lija msomali unaterereka n'kumucheka chala chachikulu. Chipsera chake anali nachobe.

Ngoni sanakondwe. Anafunsa mwanayo kumene waitola, iye n'kungoloza ndi chibwano. Taurai anati palibe chovuta, woti n'kufunsidwa alipo, ndipo anatembenukira kwa mlamu wake kuti anene ngati kapu yoboola ili ndi tanthauzo kwa anthu akwawo. Onse anamuyang'ana. Crispin ankadziwa, monga adziwira mwana aliyense wa pakomboni, kuti cha kumanda sichipita kunyumba. Koma anali atangokana kumene, ndipo anaopa kuti akaigwira kapuyo manja ake amuulula.

"Ndi chinyalala chabe," anatero.

Tadiwa anaiponya m'chikwama chake.

Madzulo, dzuwa likadali ndi ukali, anakwera boti padamu lija. Linali lathyathyathya, la denga la tenti ndi mipando yapulasitiki, ndi mpanda wachitsulo kuzungulira. Anadutsa mvuu zikufwenthera pafupi ndi bango. Anaona ng'ona zitayasama pamchenga, ndi nkhwazi pamtengo wouma. Dadirai ankajambula. Taurai anatsegula botolo lachiwiri. Nyenje zinkalira kumtunda mogonthetsa m'khutu.

Atafika moyang'anana ndi kamsitu kaja, injini inazima.

Ngoni anayang'ana mafuta. Analimo. Anakoka chingwe, n'kukokanso. Anauza alendo kuti asadandaule, zimachitika. Pambuyo pake anavomera kuti injini imeneyo inali isanamuzimirepo pamadzi.

Nyenje zinaleka, zonse pamodzi. Mvuu zinamira osatulukanso. Mphepo inafa, koma boti linayamba kusendera kugombe la manda.

Ndiyeno fungo. Lotsekemera, lolemera, la masamba a fodya akupsa pang'onopang'ono m'balani. Dadirai anafunsa amene akusuta. Panalibe. Pamalopo fodya sanalimidwe kwa zaka makumi awiri, ndipo ngakhale kumene amalima, Okutobala si mwezi wowotcha.

Ngo. Ngo.

Chitsulo pachitsulo. Taurai anayang'ana pansi pa mipando.

Ngo. Ngo.

Phokosolo linkachokera m'chikwama cha mwana. M'chikwamamo munalibe supuni.

Tadiwa anatsegula zipi, n'kutulutsa kapu. Anaigwira ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu chili pamlomo pake. Mwanayo si wamanzere. A Kefasi anali amanzere.

"Kirisipini."

Mawu anali a mwana. Katchulidwe kanali ka ku Dedza.

"Kukhosi kwauma."

Dadirai anafunsa chapansipansi kuti mwana akuti chiyani.

Tadiwa anaimirira. Anayenda mokoka mwendo, ngati munthu wa nyamakazi, mpaka kutsogolo kwa boti. Anagwada. Analowetsa mutu ndi mapewa pansi pa mpanda. Pamchenga paja, ng'ona imodzi inatseka kukamwa n'kutsetserekera m'madzi.

Dadirai anagwira diresi la mwana n'kukoka. Taurai anamugwira m'chiuno. Ngoni, amene amanyamula yekha injini ya boti, anawonjezerapo manja ake. Mwanayo sanasunthe. Akuti zinali ngati kukoka chitsa.

Dzanja linatsikira m'madzi. Linatunga. Linakwera.

Kapu inali yodzaza mpaka pamlomo wabuluu. Chibowo chinkaoneka bwinobwino. Silinagwe dontho.

Mwanayo sanamwe. Mutu wake unali ukadali kunja, pamwamba pa madzi. Mzere wa ng'ona unkayandikira, wowongoka, wosafulumira.

"Wati sundidziwa?"

Apa Crispin anagwada pansi m'botimo. Anawomba m'manja, manja opindika, mmene anaonera akulu akuchitira pakomboni. Chichewa chimene anachibisa zaka zonse chinatuluka chokha, pamaso pa mkazi wake ndi mlamu wake.

"Pepani, a Phiri. Ndine mwana wanu. Muli pano, simuli ku Dedza. Ndinakusiyani ndine. Mwanayu musiyeni, sadziwa kanthu."



Kenako madzi anayamba kutuluka pachibowo, kamzere kowonda ngati ulusi, mpaka kapu inauma. Atatu aja anagwa chagada, mwana ali m'manja mwawo, wopepuka ngati kale. Pansi pa boti panakhula chinthu chachitali, n'kupita. Nyenje zinayambiranso. Tadiwa anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa m'Chishona chifukwa chimene Baba agwadira pansi ponyowa.

Injini inalira pa kukoka koyamba.

Anayamba kubwerera. Taurai anathira mowa wake wotsala m'madzi, osaseka. Atatsika, Dadirai anatsalira m'mbuyo ndi mwamuna wake. Sanakalipe. Anangofunsa ngati n'zoona kuti zaka zonsezi apongozi ake akhala akugona pano, ulendo wosakwana ola kuchokera pakhomo pawo, iwo akudutsa pamsewu waukulu kupita kokacheza. Crispin anati n'zoona. Dadirai ananyamula mwana wake, ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda yekha, ndipo sanamutsitse mpaka kuchipinda.

M'mawa mwake Evah anafika kuchokera ku Tsvingwe ndi ufa m'kambale. Ngoni anawatengera kukamsitu. Anavula nsapato, anaodira, analowa.

M'katimo munali mozizira. Mitumbira inali itaphwa, yokwiririka ndi masamba, yoposa makumi atatu, yofanana yonse. Mbale ndi makapu a ena zinali zitadyeka ndi dzimbiri, zina nyani atazimwaza. Evah anati bambo ali pansi pa msuku. Crispin anati ayi, ali pafupi ndi nkhadze. Koma misuku inali yambiri, ndipo nkhadze zinali zitafalikira ponseponse. Anaitana Tadiwa kuti asonyeze pamene anatola kapu. Mwanayo anati sakumbukira kuti analowamo. Ankakumbukira nkhanga zokha.

Ndi pamene Crispin anamvetsa chimene anachita dzulo lake. Kwa zaka makumi awiri ndi chimodzi kapu ija inakhala pamalo pake, ikusunga dzina la mwini manda. Akanangonena mawu amodzi pa nthawi ya tiyi ija, akanapita ndi mwanayo pomwepo, mapazi ake akuonekabe pamasamba. Usiku nkhanga zinali zitapalasa ponse.

Anaika kapu pansi pa msuku umene Evah anasankha. Anathira ufa. Mwezi wa Disembala mowa unafulidwa ku Tsvingwe, akulu a kumeneko anameta Crispin ndi Evah, ndipo Dadirai ndi Taurai anabwera. Mwala unagulidwa, wolembedwa dzina, chaka ndi mudzi wa ku Dedza. Waimikidwa potsamira mtengo, polowera m'kamsitu, chifukwa palibe amene angalimbe mtima kuuika pamutu pa munthu wina.

Tadiwa ali bwino. Za m'boti sazidziwa, ndipo mawu aja sanabwerenso. Tsopano amaphunzira Chichewa kwa azakhali ake, pang'onopang'ono, ndi lilime la Chishona.

Koma patapita sabata kapu itabwezedwa, Ngoni anaipeza m'mphepete mwa msewu, pamene galimoto inaima tsiku lija. Inali chilili, yodzaza madzi, mvula isanagwe. Anaimbira Crispin. Crispin anabwera, anaodira, n'kuiika pamtumbira wa pafupi ndi nkhadze. Inabwereranso.

Kuyambira pamenepo Crispin amapita kumeneko mwezi ukatha. Salipira pageti, alonda anamuzolowera. Amatola kapu, madzi n'kutuluka pachibowo akangoigwira, ndipo amakaiika pamtumbira wina, akupepesa mwini wake ngati walakwitsa. Evah akuti mitumbira yosayesedwa yatsala yochepa, ndipo chimene mchimwene wake amaopa si kulakwitsanso ayi. Amaopa tsiku limene adzaike kapu pamtumbira womaliza.

Ngoni sayimanso pamenepo kuti alendo amwe tiyi. Amadutsa mwakachetechete, maso ali kutsogolo. Alendo ena amaiona kapu yoyera m'mphepete mwa msewu n'kufunsa kuti ndi ya yani. Iye amati ili ndi mwini wake.

Sabata yatha inali pomwepo, yodzaza.