Mboni Yaulere

Wilo ya bambo awo inalembedwa pamtengo wa nsapato imodzi, osati peyala, ndipo Mayi Chotserani ankauza aliyense. Dzinali anawapatsa ndi ogulitsa pamsika. Loya atatchula mtengo wake, iwo anangonyamula chikwama n'kupita kwa mlembi wa makalata wapakhonde la sitolo. Mlembiyo anati pakufunika mboni ziwiri, ndipo aziperekere ndalama ya basi. Mayiwo anati mboni ali nazo zaulere: anasayina iwo eni ndi amuna awo. Bambo awo, telala wokalamba, anasayina nawonso. Nyumba anasiyira mwana wamkaziyu, pomwe mlongo wake, dalaivala wa lole, anamusiyira makina osokera.

Patatha sabata chiikireni maliro, makinawo anayamba kulira usiku.

Chipinda chosokeramo chinali chokhoma, kiyi ali m'khosi mwa mayiwo. Koma magetsi akangozima, chopondera chinkayamba pang'onopang'ono ngati phazi lotopa, singano n'kumathamanga, n'kuima pomwe malemu ankaimira kuti adule ulusi ndi mano.

"Mwamva?" ananong'ona, akugwedeza amuna awo.

"Ndamva. Kawafunseni ngati atsiriza buluku langa lija."

Usiku wachiwiri kunamveka lumo likugwa pansi. Aneba anayamba kunena kuti mkulu uja akusoka suti ya amene amutsatire. Mayi Chotserani sankaopa kufa kwenikweni. Chinkawapweteka n'chakuti alendi awiri amene anali atagwirizana nawo kale mtengo wa zipinda anamva mbiriyo n'kusiya kuyankha foni. Wiloyo anaichotsa m'kabati n'kumagona nayo m'bulawuzi, mpaka pepala linafewa ndi thukuta.

Usiku wachinayi anatopa nazo. Anatenga tochi ndi mpini wa tsache, nakhala pakhomo la chipindacho. Mdima unkanunkha mafuta a makina. Anamva zenera likukwekwereza, madirowa akutsegulidwa mmodzimmodzi, kenako chopondera. Anatembenuza kiyi.

Kuwala kwa tochi kunagwera pankhope ya mlongo wawo, dalaivala uja.

"Achemwali, musakuwe."

"Iwe, thupi lonseli wadutsa pazenera? Ukufuna chiyani?"

"Pepala lija. Ndimati muthawe, ndilifufuze bwino." Anachotsa phazi pachopondera. "Koma ine ndayamba dzulo. Masiku awiri oyambawo ndinali pa ulendo, kafunseni abwana anga."

"Bodza."

"Ndinangomva kwa aneba, ndiye ndinati ndithandizireko."

Onse awiri anayang'ana makinawo. Pansi pa singano panali kansalu kosokedwa mzere wowongoka bwino, ndipo dalaivalayo sanasokepo ngakhale batani.

Kutacha, Mayi Chotserani anapita ndi wiloyo kwa loya yemwe uja kuti nkhani ithe. Loyayo anatambasula pepala lonyowalo ndi nsonga za zala.

"Mboni yoyambayi ndani?"

"Ndine."

"Yachiwiriyi?"

"Bambo akunyumba."

"Mayi, wochitira umboni wilo salandira chimene amulembera m'menemo. Makinawo ndi a mlongo wanu ndithu. Nyumbayo mugawana pakati."

"Simungachotsereko?"

"Lamulo si kaunjika, mayi."

Dalaivala, amene anang'amba malaya pazenera kuti awotche pepala lomukomera yekha, anakana kutenga makinawo. Makinawo akadali m'chipindamo, ndipo palibe mlendi amene wabwera. Mayi Chotserani anapulumutsa ndalama ya basi ya anthu awiri. Analipira theka la nyumba, kuphatikizapo ya loya, amene sanachotsereko kalikonse.